Mabasi a Pakati pa Kafue ndi Lusaka

Mzinda wa Kafue uli kumpoto kwa mtsinje wa Kafue, pa mtunda wa makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka. Munthu woima pa mseu waukuru m'mamawa amaona mabasi ang'ono-ang'ono alikutsatana, onse odzaza ndi anthu opita ku nchito ku Lusaka, ndipo madzulo mabasi omwewo amawabweza. Koma sizinali tero kale, pakuti inalipo nthawi imene anthu a ku Kafue anali kupeza nchito pakhomo pao.

Ciyambi ca mzindawu ndico njanji. M'caka ca 1906 njanji yocokera ku Livingstone inaoloka mtsinje pa ulalo wacitsulo wotalika mamita 427, nipitirira ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. Masiku amenewo munthu waulendo anali kudikira sitima, kapena kupalasa njinga, kapena kungoyenda pansi. Lusaka atasanduka likuru la dziko m'caka ca 1935, magalimoto anayamba kucuruka pa mseu, ndipo ulalo wa magalimoto unamangidwa pa Kafue m'caka ca 1949. Kampani ya Thatcher Hobson, imene pambuyo pace inachedwa Central African Road Services, ndiyo inali kunyamula anthu pa maulendo atali. Basi ya nthawiyo inali ya munthu wopita kumudzi, kumaliro kapena kukafuna nchito. Sinali yokwera tsiku ndi tsiku iai.

Zinthu zinasintha Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ali paufulu m'caka ca 1965, Boma la Dr Kenneth Kaunda linaona kuti si bwino kudalira katundu wocokera kumwera. Motero linasankha Kafue kuti akhale malo a mafakitale, cifukwa anali ndi madzi ambiri, njanji ndi mseu, ndiponso magetsi anali kudza kucokera ku Kafue Gorge. Pofika caka ca 1970 panali pataimirira Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, ndi Kafue Textiles, yoomba nsaru za thonje. Anamanganso nyumba za anchito ku Kafue Estates. Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu anafika kucokera kumbali zonse za dziko, ndipo ambiri a iwo anali kufika ku nchito pa njinga kapena pansi.

Mabasi naonso analowa m'manja mwa Boma. M'caka ca 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Dr Kaunda ananena kuti Boma lidzatenga gawo lalikuru m'makampani angapo, ndipo Central African Road Services inali imodzi mwa iwo. M'menemo ndimo munaturuka United Bus Company of Zambia, imene anthu anaizolowera ndi dzina lakuti UBZ. Mtengo wokwerera unali kuikidwa ndi Boma, kotero kuti wosauka anali kukhoza kulipira. Koma mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, dziko linasowa ndalama zakunja zogulira mabasi atsopano ndi zitsulo zokonzera akale. Mabasi anacepa, ndipo anthu anali kutha maora ambiri ali ciimire pa siteshoni.

Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa m'caka ca 1991, linatsegula malonda kwa aliyense. UBZ inathetsedwa m'caka ca 1995, ndipo msonkho wa mabasi olowa m'dziko unacotsedwa kwa kanthawi. Pamenepo anthu wamba anagula mabasi ang'ono-ang'ono, makamaka ocokera ku Japan, nayamba kunyamula anthu kucokera ku Kafue, kudzera ku Shimabala ndi Chilanga, kufikira ku Lusaka. Basi yotere ilibe ora loikika: imanyamuka ikadzaza.

Tsono ufulu wa malonda umene unacurukitsa mabasi ndi womwewo unafooketsa mafakitale. Walira mvula walira matope. Zobvala zakale za salaula ndi nsaru zochipa zakunja zinalanda msika wa Kafue Textiles mpaka inatsekedwa, ndipo Nitrogen Chemicals inacepetsa nchito yace. Mabanja ambiri a ku Kafue Estates, Shikoswe ndi Zambia Compound sanasamuke, pakuti nyumba zao zinali komweko, ndiponso lendi ya ku Lusaka inali yokwera. Anatsala ku Kafue, koma nchito anakaifuna ku Lusaka. Mwana wa munthu amene anali kuyenda pansi kupita ku fakitale anasanduka wolawira mbandakuca kukakwera basi.

Basiyo yapulumutsa mabanja ambiri ku njala, koma mtengo wace si wocepa. Munthu wogwira nchito ku Lusaka amayenda makilomita ngati 90 pa tsiku, ndipo mafuta akakwera mtengo, gawo la malipiro ace limathera kwa kondakitala lisanafike kunyumba. Ana amamuona usiku wokha. Fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, imene inamangidwa pambuyo pace, yabweza nchito zina mumzindamo, koma mabasi a m'mamawa akali kudzaza. Wofuna kudziwa ngati mafakitale a ku Kafue adzukanso angowerenga anthu otsika basi m'mawa pa Kafue, ndi kuwayerekeza ndi amene alikukwera kupita ku Lusaka.