Udzudzu umene unasiya kumva mankhwala: ntchito ya Pulofesa Maureen Coetzee

M'chaka cha 1996, dziko la South Africa linasiya kupopera DDT m'nyumba n'kuyamba kugwiritsa ntchito deltamethrin, mankhwala a m'gulu la pyrethroid. Sipanapite zaka zambiri, malungo anabuka mwamphamvu, makamaka m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mu 2000 mokha anthu opitirira 60,000 anadwala malungo m'dzikomo. Nyumba zinkapoperedwa monga mwa nthawi zonse, koma zipatala zinkadzazabe.

Ena mwa amene anapeza gwero la vutoli anali Pulofesa Maureen Coetzee, katswiri wofufuza za udzudzu wa ku Johannesburg, pamodzi ndi anzawo Richard Hunt, Basil Brooke ndi Lizette Koekemoer. Iwo anagwira ntchito ndi Keith Hargreaves wa ku nthambi yolimbana ndi malungo ku KwaZulu-Natal. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2000 zinaonetsa kuti udzudzu wa Anopheles funestus, umene DDT anauthetsa m'dzikomo kalekale, unali utabwerera, ndipo sunkafa ndi pyrethroid. Udzudzu wotere unapezekanso kumwera kwa Mozambique. Chaka chomwecho boma linayambiranso kupopera DDT. Mu 2001, KwaZulu-Natal inayamba kupereka artemether-lumefantrine, amene kuno timawatcha LA, chifukwa SP anali atasiya kuchiza bwino. Chiwerengero cha odwala chinatsika kwambiri.

Gululi linazindikira msanga chimene chinkachitika chifukwa a Coetzee anali atatha zaka zambiri akuphunzira kusiyanitsa mitundu ya udzudzu. Mu 1987, iwo ndi Michael Gillies anatulutsa buku lothandiza kuzindikira udzudzu wa Anopheles wa mu Africa, lowonjezera pa buku la Gillies ndi Botha de Meillon la mu 1968. Ntchitoyi ndi yovuta chifukwa mitundu ina imafanana kwambiri ngakhale pa maikulosikopu. Anopheles funestus amaluma anthu m'nyumba usiku, pamene abale ake ena, monga Anopheles rivulorum, amakonda kuluma ziweto panja. Amene wasokoneza mitundu imeneyi akhoza kuwononga ndalama polimbana ndi udzudzu umene suli gwero la malungo m'deralo. Mu 2002, a Koekemoer ndi gulu lomweli anakonza njira ya PCR yosiyanitsira mitunduyi poyeza DNA. Mu 2013, a Coetzee ndi anzawo anapatsa dzina la Anopheles coluzzii udzudzu umene kale unkawerengedwa ngati Anopheles gambiae, pokumbukira katswiri wa ku Italy, Mario Coluzzi.

Phindu lina linadza chifukwa choweta udzudzu. Anopheles funestus ndi wovuta kuweta mu labotale, koma gululi linakwanitsa kusunga mbewu ya udzudzu wa kumwera kwa Mozambique, yotchedwa FUMOZ. Kafukufuku wa a Brooke ndi anzawo mu 2001 anaonetsa kuti thupi la udzudzuwu limasungunula poizoni asanauphe, ndipo mankhwala otchedwa PBO amafooketsa mphamvu imeneyo. Mu 2009, mogwirizana ndi Charles Wondji ndi anzake a ku Liverpool School of Tropical Medicine, anapeza majini okhudzidwa ndi zimenezi, kuphatikizapo CYP6P9. Kumvetsa kumeneku n'kumene kumafotokoza chifukwa chake maneti okhala ndi PBO amapha udzudzu umene maneti a pyrethroid yekha amaulephera.

Ntchito imeneyi inafikanso m'Malawi. Mu 2009, gulu la a Coetzee linalengeza za udzudzu wogwidwa ku Karonga umene umaoneka ngati Anopheles funestus koma ndi mtundu wina. Mu 2010, a Hunt, a Coetzee ndi mnzawo anasindikiza zimene anapeza pachilumba cha Likoma: Anopheles funestus wa kumeneko sankamva pyrethroid ngakhalenso mankhwala a m'gulu la carbamate. Zinali zoonekeratu kuti vutoli silinali la ku South Africa ndi kumwera kwa Mozambique kokha. Ku Nkhotakota, kumene kupopera m'nyumba kunayamba mu 2007 ndi pyrethroid, anadzasintha n'kuyamba kupopera pirimiphos-methyl chifukwa cha vuto lomweli.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, mbiriyi ikuonetsa kumene umboni wotere umayambira. Udzudzu wa ku KwaZulu-Natal, Karonga ndi Likoma unagwidwa m'midzi, eni nyumba atavomera kuti ofufuza alowe. Anthu akamadandaula kuti udzudzu sukufa nyumba zitapoperedwa, kapena odwala malungo akamachuluka m'dera limene maneti anagawidwa kumene, nkhaniyo iyenera kukafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Pamene akatswiri akufufuza, uthenga wa kumudzi usasinthe: neti yosang'ambika imatchingabe udzudzu, ndipo aliyense wotentha thupi ayezedwe malungo pasanathe maola 24.