Kabuku ka Agogo ndi Mabogi a Eni

Agogo aamuna atamwalira, m'sutikesi yawo yachitsulo tinapezamo zinthu zitatu zimene sitinadziwe chochita nazo: chipewa cha yunifomu, wotchi ya m'thumba yakufa, ndi kabuku ka chikuto chakuda. Chipewa anatenga amalume, wotchi inapita kwa mng'ono wanga, ndipo kabuku kanagwera ine. Amayi anangoti, "Iwe ndiwe mphunzitsi, zamapepala ndi zako." Nditakatsegula ndinakhumudwa. Ndinkayembekeza nkhani za moyo wawo, koma munali manambala okhaokha, mzere ndi mzere, pambali pake tsiku, ola, ndi chilembo chosonyeza ngati sitima inali kupita kumpoto kapena kum'mwera. Kanakhala m'kabati zaka zingapo, pansi pa malisiti a magetsi.

Agogo anachoka ku Katete ali mnyamata kudzafuna ntchito kunjanji. Anayamba ndi fosholo ndi piki, koma popeza anali atafika patali pang'ono ndi sukulu ya mishoni, dziko litalandira ufulu anapatsidwa pensulo. Ntchito yawo inali yoyenda m'mbali mwa sitima iliyonse ya katundu imene yaima pa siteshoni ya Kafue, kuyambira kumutu mpaka kumchira, kulemba nambala ya bogi iliyonse, mwini wake, ndiponso ngati ili ndi katundu kapena ili yopanda kanthu. Usiku ankayenda ndi nyali. Kabuku kamene ndili nako n'kawo ka m'thumba, kamene ankayamba kulembamo asanakopere m'buku lalikulu la mu ofesi. Ndili mwana ndinkaona ngati imeneyi inali ntchito yachabechabe. Ndinasintha maganizo nditayamba kuphunzitsa mbiri ya dziko, pamene ndinafunika kufotokozera ana chifukwa chake tawuni yathu ili pamene ilipa.

Kafue anabadwa ndi njanji. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, ndipo chaka chotsatira, 1906, kampani ya George Pauling inamanga mlatho wathu wowoloka mtsinje wa Kafue, wautali mamita 427, wa zigawo 13. Chaka chomwecho njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, ndipo mu 1909 inakhudza malire a Congo. Sanaimangire ife. Anaimangira miyala ya pansi pa nthaka: malasha a ku Wankie ankakwera kumpoto kukayatsa ng'anjo za migodi, mtovu ndi kopa zinkatsika kum'mwera kulowera kudoko la Beira. Zonsezi zinkadutsa pamlatho wathu, popeza njira ina panalibe.

Masiku amenewo funso lakuti "bogi yakuti ili kuti" linali ndi kokafunsa kumodzi. Njanji ya kuno ndi ya kutsidya kwa Zambezi zinali za mwini mmodzi, Rhodesia Railways, ndipo likulu, mabuku a ndalama ndi malo aakulu okonzera mainjini zinali ku Bulawayo. Komabe ngakhale nthawi imeneyo mabogi a eni ankalowa: a ku South Africa, a ku Congo, a ku Mozambique. Lamulo la anthu a njanji kulikonse n'lakuti bogi ya mnzako ikakhala panjanji yako umalipira pa tsiku lililonse limene yagona kwanu. Choncho tsiku ndi ola limene bogi yawoloka malire ndi ndalama. Ku England anaziona kalekale. Makampani a njanji atachuluka n'kuyamba kukangana pa za mabogi ndi kagawidwe ka ndalama, mu 1842 anakhazikitsa ofesi imodzi yowerengera onse, Railway Clearing House, ndipo ofesiyo inaika anthu pamphambano za njanji oti azingolemba manambala a mabogi odutsa. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha m'chipinda cha aphunzitsi. Ntchito ya agogo inali ndi makolo ake, ndipo inayamba chifukwa anthu sankakhulupirirana.

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wa azungu okhaokha, ndipo njanji imodzi ija inapezeka ili m'manja mwa maboma awiri odana. Anakangana za ndalama zonyamulira kopa, anakangana za mainjini, anakangana za mabogi. Mu 1967 anaigawa, ndipo Zambia Railways inabadwa, likulu lake ku Kabwe. Kugawa zitsulo kunali kovuta, koma chimene sitikonda kunena m'makalasi n'chakuti chidziwitso nachonso chinafunika kugawidwa. Kampani yatsopano inafunika kudziwa yokha kuti ili ndi mabogi angati, angati ali kutsidya, angati a kutsidya ali kuno. Buku limene kale linali limodzi linakhala awiri, ndipo mabuku awiri olembedwa ndi anthu osalankhulana sachedwa kusiyana.

Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Patapita milungu yochepa anafuna kuwatsegulanso, koma a Kenneth Kaunda anakana, ndipo katundu wa Zambia sanadutsenso njira ya kum'mwera mpaka Okutobala 1978, pamene kusowa kwa fetereza kunawakakamiza kusintha maganizo. Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zimenezo katundu wa Zaire ankawolokabe. Injini ya mbali ina inkakankhira mabogi pamlatho wa Victoria Falls, ya mbali inayo n'kubwera kudzawakoka. Maboma sankapatsana moni, koma makalaliki a mbali zonse ziwiri ankafunikabe kugwirizana kuti mabogi amene akankhidwa ndi angati, ndipo manambala ake ndi ati. Kabuku ka agogo n'ka zaka zimenezi. Masamba ena ali ndi mizere yochepa kwambiri, ndipo pena analemba mawu amodzi okha pambali pa tsiku: "palibe".

Kenako inabwera TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, yomangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975. Apa okonza mapulani anachita chinthu chanzeru. Njanji yakale ya ku Tanzania ndi yotalikirana mita imodzi pakati pa zitsulo zake, pamene yathu ndi mamilimita 1,067. TAZARA anaimanga pa muyezo wathu, kuti bogi yochoka ku Kitwe kapena ku Kafue ikafike kunyanja popanda kutsitsa katundu. Zitsulo zinagwirizana. Mapepala ndiwo sanagwirizane msanga. Pa Kapiri Mposhi panakumana makampani awiri, aliyense ndi mafomu ake, makalaliki ake ndi kawerengedwe kake ka masiku. Ngakhale wotchi imasiyana: ukawoloka pa Nakonde kulowa Tunduma, nthawi imalumpha ndi ola limodzi. Ola limodzi likuoneka laling'ono, koma bogi imene yawoloka cha m'ma 11 koloko usiku kwa ife, kwa anzathu yawoloka tsiku lotsatira kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 doko la Dar es Salaam linadzaza, mabogi ankachedwa kubwerera, ndipo wofuna kudziwa kumene katundu wake ali ankadalira teleksi, telefoni ya njanji, ndi kukoma mtima kwa kalaliki amene wayankha.

Ife a ku Kafue zimenezi sizinali nkhani za kutali. Fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kugwira ntchito mu 1970, inkadalira malasha a ku Maamba obwera pa sitima kudzera ku Choma. Fakitale ya nsalu nayo inali pomwepa. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anthu a m'mafakitale amenewa. Bogi yopanda kanthu imene yaiwalika pa kanjanji ka pambali kwinakwake inali malasha amene sanafike, ndipo malasha osafika anali fetereza wochedwa kwa abale athu ku Katete.

Makompyuta atafika anthu anaganiza kuti vuto latha. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNCTAD linabweretsa dongosolo lotchedwa ACIS, ndipo gawo lake la njanji, RailTracker, linaikidwa ku Zambia Railways, ku TAZARA, ndi kunjanji za Tanzania, Kenya ndi Uganda. Kagwiridwe kake sikanali kachilendo kwa munthu ngati agogo. Kalaliki amalembabe nambala ya bogi, siteshoni ndi ola, kungoti tsopano akulemba pa kompyuta ndipo a kulikulu akuona tsiku lomwelo. Mu 1996 makampani a njanji a chigawo chino anapanganso bungwe lawo, Southern African Railways Association, kuti azikambirana za mabogi owoloka malire. Zinathandiza ndithu. Koma ine ndimaona kuti kompyuta inangoulula vuto limene linalipo kale. Kuti makompyuta a makampani awiri amvane, eni ake ayenera kuyamba agwirizana zinthu zimene zimaoneka zopepuka. Kodi siteshoni iliyonse ili ndi chizindikiro chimodzi chodziwika kwa onse? Kodi chimanga, shuga ndi kopa zili ndi manambala ofanana mbali zonse? Kodi bogi "yaperekedwa" pamene yafika pamalire, kapena pamene woyendera wa mbali inayo waiona n'kusaina? Mayankho a mafunso amenewa amasuntha ndalama kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina, n'chifukwa chake misonkhano yake imatenga zaka. Onjezaninso kusintha kwa eni. Mu 2003 njanji yathu inabwerekedwa kwa kampani ya Railway Systems of Zambia, ndipo mu 2012 boma la a Michael Sata linaitenganso. Mwini watsopano aliyense amabwera ndi kalembedwe kake.

Ku Ulaya, kumene malire ndi ochuluka kuposa kuno, bogi iliyonse ya katundu ili ndi nambala ya manambala 12. Awiri mwa iwo amanena dziko limene inalembetsedwa, ndipo womaliza ndi wotsimikizira: amapezeka powerengera enawo, moti kalaliki akalakwitsa nambala imodzi kompyuta imakana. M'kabuku ka agogo muli malo ambiri ofufuta, pamene 3 anasanduka 8 kapena 1 anasanduka 7. Ndimawaona m'maganizo ataima mumdima, udzudzu wa m'dambo la Kafue uli m'makutu, akupukuta fumbi la malasha pa bogi ndi chikhatho kuti aone bwino.

Kwathu kum'mawa nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, patatha zaka pafupifupi makumi atatu chiyambireni kuimanga. Ili m'Zambia koma sikhudzana ndi njanji ina iliyonse ya m'Zambia. Bogi yochoka ku Chipata imadutsa Lilongwe, Salima ndi Nkaya, n'kutulukira pa Nayuchi kulowa Mozambique, kudzera Cuamba mpaka Nacala. Mayiko atatu, ndipo pepala loyamba m'Chingelezi likamalizira m'Chipwitikizi. Anthu a m'mbali mwa njanjiyo, kuchokera ku Chipata mpaka kumalire a Mozambique, amamvana m'chinenero chimene ndikulembachi popanda womasulira. Maofesi ndiwo amafuna womasulira.

Chaka chatha ndinapita nako kabuku kusukulu. Ndinali kuphunzitsa za njira za malonda, ndipo ndinauza ana kuti mu 2018 boma linaika lamulo lakuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga kopa, malasha, shuga ndi simenti aziyenda panjanji. Ndinawafunsa chifukwa chake pamafunika lamulo kuti anthu asankhe njira imene iyenera kukhala yotsika mtengo. Kunja malole anali kudutsa pamsewu waukulu monga mwa masiku onse, ena opita ku Chirundu, ena ku Livingstone, mawindo a kalasi akunjenjemera. Ana anatchula njanji yokalamba ndi kuchedwa kwa sitima, ndipo sanalakwe. Koma mtsikana wina wa kumbuyo, amene bambo ake amayendetsa lole, anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, lole ili ndi dalaivala, ndipo dalaivala ali ndi foni. Bwana akafuna kudziwa katundu ali pati, amangoimba. Nanga bogi mungaiimbire?" Yankho lake silinali m'buku lathu, koma ndinamupatsa mamakisi onse. Ndinawauzanso kuti a kasitomu anayambapo kale: ku Chirundu, kuyambira 2009, maofesala a Zambia ndi a Zimbabwe amagwirira ntchito pamalo amodzi kuti lole iime kamodzi kokha.

Titatsala ndi mphindi khumi, ndinagawa anawo m'magulu n'kuwapatsa masamba a kabuku amene ndinajambula pa foni. Ntchito inali yosavuta: apeze bogi imene yalembedwa ikupita kumpoto, kenako aifufuze m'masamba otsatira ikubwerera kum'mwera, awerenge masiku. Ena anapeza ya masiku asanu ndi anayi, ena ya milungu itatu. Gulu lina linakangana mpaka belu kulira, chifukwa bogi yawo inadutsa pa Kafue kupita kumpoto, ndipo sinaonekenso mpaka tsamba lomaliza. Pambali pa nambala yake agogo anaika kamtanda ndi pensulo yofiira, ndipo kamtanda komweko kali pa mabogi ena anayi. Madzulo ndinaimbira amayi kuwafunsa ngati agogo ankanenapo za mabogi a kamtanda. Anati sakumbukira, koma akukumbukira pensulo yofiirayo, chifukwa tsiku lina ali mwana anaitenga kukajambulira maluwa ndipo anagona ndi njala.