Chivundikiro chimene chinasanduka chakudya

Mchewa akamva mawu akuti "tapas", dzina la tizakudya ta ku Spain, khutu limathamangira ku "kutapa". Mpake, chifukwa amaona anthu atazungulira tebulo, aliyense akutapa pang'ono m'timbale tambirimbiri. Komatu mawu awiriwa alibe ubale. M'Chisipanishi, "tapa" ndi chivundikiro, mneni wake ndi "tapar", kuvundikira, ndipo s wakumapetoyo amangosonyeza kuchuluka.

Nanga chivundikiro chinafika bwanji pomadyedwa? Ambiri amaloza ku Andalucía, kumwera kwa Spain, dziko lotentha kumene kumachokera vinyo wa ku Jerez. Akuti wogulitsa ankaika kachidutswa ka buledi kapena ka nyama yankhumba youmitsa pakamwa pa tambula kuti ntchentche ndi fumbi zisagweremo. Womwayo ankadya chivundikirocho, mchere wake n'kudzutsa ludzu, iye n'kuitanitsanso vinyo wina.

Palinso nthano za mafumu. Ina imati Alfonso X, amene analamulira Castilla kuyambira 1252 mpaka 1284, atadwala ankamwa vinyo molumira tizakudya. Ina imati Alfonso XIII ali ku Cádiz anamuvundikirira tambula ndi nyama poopa mchenga wouluka ndi mphepo. Ine nthanozi sizindigwira mtima kwenikweni. Chinthu chikatchuka anthu amachifunira mwini wake wolemekezeka, pamene mawuwo akudzinenera okha kuti anabadwira pakauntala ya munthu wamba wosamala makasitomala ake.

Chondikondweretsa kwambiri ndi ana amene mawuwa abereka. Kuchokera ku "tapa" kunabwera "tapear" ndi "tapeo", ndipo apa za kuvundikira zatheratu. "Tapear" ndi kuyenda ndi anzako madzulo, kulowa bala iyi, kuimirira pakauntala, kulawa mbatatesi zokazinga zothira msuzi wa tsabola zimene amati "patatas bravas", kumwa tambula imodzi, n'kupitirira kwina. Palibe mwini mbale. Mafoloko anayi amakumana pa kachidutswa kamodzi, nkhani zili mkati, phokoso lili thoo. Ku Granada mabala ambiri amakupatsabe kambale kaulere ukangogula chakumwa.

Kumpoto, kwa anthu a Chibasiki, dzina ndi lina: "pintxo", kuchokera ku "pinchar", kubaya, chifukwa chakudyacho amachitunga pa kamtengo kotokosera m'mano. Yotchuka ku San Sebastián ndi "gilda": chipatso cha olivi, kansomba kamchere ndi tsabola wam'viniga, zonse pa kamtengo kamodzi. Dzinali analitenga ku filimu ya mu 1946 imene munasewera Rita Hayworth.

Ndipo timbale tina tikusunga mbiri yakale kuposa pamenepa. Asilamu olankhula Chiarabu analamulira madera a Spain kuyambira 711 mpaka 1492, ndipo chilankhulo chawo chinatsalira m'khitchini. Zipatso za olivi amazitcha "aceitunas", kuchokera ku "az-zaytuna". Timipira ta nyama yogaya tophikidwa mu msuzi wa tomato ndi "albóndigas", kuchokera ku "al-bunduqa", dzina la kamtedza kena kobulungira. "Al" ndi "a" akumayambirirowo ndi kachidutswa ka galamala ya Chiarabu kamene Asipanishi anakameza limodzi ndi dzina, osakalekanitsa, monga anachitiranso pa "azúcar", shuga, ndi "arroz", mpunga.