Funso limodzi, batani lalikulu: mbiri ya sikirini yomwe inakulira m'zipatala za Lilongwe

Nyengo yogulitsa soya ndi mtedza ikafika, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba pa Nsaru sapuma. Mlimi amadina *211# kapena *444#, foni n'kuyamba kumufunsa: utumiza kapena utapa, kwa yani, zingati, nambala yachinsinsi. Funso lililonse limabwera palokha ndipo lotsatira limadikira kuti loyamba liyankhidwe. Alipo munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti mafunsowo atsatane motero. Mmisiri wotereyu, wokonza mbali ya pulogalamu yomwe munthu amaiona ndi kuikhudza, m'makampani amamutcha wa front-end. Kuno kwathu lusoli linakulira m'zipatala, ndipo mbali yaikulu ya mbiri yake ili m'boma la Lilongwe lomweli.

Za kunja n'zachidule. Tim Berners-Lee anayambitsa masamba a pa intaneti ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo tsamba loyamba linaoneka kwa anthu onse mu 1991. Linali la mawu okhaokha, lolembedwa ndi HTML. Mu 1995 Brendan Eich wa kampani ya Netscape anapanga JavaScript, yomwe imachititsa tsamba kuyankha munthu akadina, ndipo mu 1996 kunabwera CSS, yoyang'anira mitundu, kukula kwa zilembo ndi kayalidwe ka zinthu. Mpaka lero zida zitatuzi ndi zomwe mmisiri wa sikirini amagwira tsiku ndi tsiku. Koma onse amene ankazipanga ankaganizira munthu wokhala pa desiki, wodziwa kibodi ndi mausi, amene magetsi ake sazima.

Kalaliki wa pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, sanali munthu wotero. Mu 2001 Gerry Douglas, yemwe anayambitsa bungwe la Baobab Health pamodzi ndi Thuy Bui, anaika makina olembera odwala pachipatalapo. Makinawo anali ndi mbiri yoseketsa. Kampani ya ku America ya Netpliance inkagulitsa kachipangizo kotchedwa I-Opener pa madola 99 okha, poganiza kuti idzapeza phindu pa ndalama za intaneti za mwezi ndi mwezi. Akatswiri ochenjera anatulukira kuti kangasandutsidwe kompyuta wamba, malondawo anagwa, ndipo tizipangizoto tinayamba kupezeka motchipa. A Baobab anatigula, n'kutiikira galasi lomva chala, n'kuchotsa kibodi. Mphamvu ya magetsi inkadutsa mu waya yemweyo wolumikizira makina, kuchokera ku mabatire, kotero kuti magetsi akazima mzere wa odwala unkayendabe.

Chofunika kwambiri chinali zomwe zinkaoneka pagalasipo. Fomu ya pa kompyuta yozolowereka imakhala ndi mabokosi ambirimbiri pa tsamba limodzi, ndipo munthu wosazolowera amasochera. A Baobab anaiphwanya: funso limodzi pa sikirini, mabatani aakulu oti chala cha munthu wotopa chisaphonye, batani lopitira patsogolo pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Kenaka analemba chida chawo cha JavaScript chotchedwa Touchscreen Toolkit, chomwe chinkatenga fomu wamba ya HTML n'kuisandutsa mafunso otsatana otere. Wodwala akalembedwa, kamakina kankatulutsa kapepala komata kokhala ndi mizere ya barcode, n'kukamata pa kabuku kake ka kuchipatala. Ulendo wotsatira sankafunsidwanso dzina.

Mafunsowo ankamudziwa Mmalawi. Fomu yochokera kunja imafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, pomwe gogo wa ku Kabudula adzakuuzani mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Imafunanso tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa, ndipo ikapanda kupatsidwa imakana kupitirira. Sikirini ya Baobab inali ndi batani la "sizikudziwika", kenaka n'kupempha kalaliki kuti ayerekeze zaka. Ngakhale pofufuza dzina anaganizira kuti kalaliki wina alemba ndi l, mnzake ndi r, munthu ali yemweyo. Zinthu zazing'ono ngati izi ndi zomwe zimachititsa kuti makina agwiritsidwe ntchito kapena aphimbidwe ndi nsalu pakona.

Boma litayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere mu 2004, makaundula a mapepala analemera. Mu 2006 pulogalamu ya Baobab yoyang'anira olandira ma ARV inayamba ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kenaka inafalikira m'zipatala zina zambiri. Ena mwa achinyamata a Chimalawi amene lero akulemba mapulogalamu m'mabanki ndi m'mabungwe anaphunzirira ntchito ku Baobab, ataima pambali pa namwino n'kumaona pomwe chala chake chikukayikira.

Chigawo chachiwiri cha nkhaniyi chinachitikira ku Namitete, pa chipatala cha St Gabriel's chomwe masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959. Josh Nesbit, wophunzira wa ku yunivesite ya Stanford, anafika kumeneko mu 2007. Anapeza madokotala awiri akutumikira dera la anthu pafupifupi 250,000, ndipo anthu ongodzipereka a m'midzi ankayenda mitunda italiitali wapansi kapena pa njinga kudzangonena kuti wodwala wakuti wafooka. Mu 2008 anabweranso ndi mafoni akale 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu ya FrontlineSMS, yomwe Ken Banks analemba mu 2005. Pulogalamuyi sinkafuna intaneti. Laputopuyo inkalandira mauthenga onse ochokera m'midzi. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyeserera, chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu omwe chipatala chinkatha kuwatsatira chinawirikiza kawiri.

Apa sikirini inali kagalasi kakang'ono ka foni ya mabatani, ndipo vuto linali lina: uthenga wolembedwa mmene munthu wafunira, kompyuta singauwerengetsere. Gulu lomwe linabadwira pa ntchitoyi, lomwe linadzatchedwa Medic Mobile, linayesa mafomu oikidwa pa kachipangizo kopyapyala kolowa pamodzi ndi simu khadi, kuti foni yotchipa ifunse mafunso motsatana. Mafoni amakono atatsika mtengo, anamanga pulogalamu ya JavaScript yosunga zonse m'foni momwemo n'kudzatumiza netiweki ikapezeka. Kuyambira 2018 imadziwika kuti Community Health Toolkit, ndipo alangizi a zaumoyo ku Kenya, Uganda, Mali ndi Nepal amaigwiritsa ntchito. Zonsezi zinayambira ku Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji.

Mu 2013 a Baobab anapita patsogolo n'kutulutsa sikirini m'chipatala. M'mudzi wa Chalasa, kwa Mfumu Yaikulu Mtema, anaika kaundula wa m'mudzi pa kompyuta yogwira ndi chala, yoyendera mphamvu ya dzuwa, yolankhula Chichewa, yolemberamo anthu a m'mudzimo, obadwa ndi omwalira.

Nanga mmisiri wa lero tsiku lake limayenda bwanji? Kawirikawiri amalandira chithunzi cha momwe tsamba liyenera kuonekera, iye n'kuchisandutsa chinthu chodinika. Kulemba kwenikweniko sikutenga nthawi yaitali kuposa kuyesa: pa laputopu, pa Tecno, pa itel ya galasi losweka, pa netiweki yofooka. Kuyambira pomwe Ethan Marcotte analongosola mu 2010 njira yoti tsamba limodzi lizidzipinda molingana ndi kukula kwa sikirini, ntchito yoyesayi inachuluka. Zida nazo sizikhalitsa. React, yomwe Facebook inatulutsa mu 2013, inasintha kalembedwe ka ambiri, ndipo amene wasiya kuwerenga kwa zaka ziwiri amapeza anzake akulankhula zina. Pamwamba pa izi pali kuthamangitsa batire ya laputopu magetsi asanazime, bandulo yotha pakati pa msonkhano, ndi bwana wofuna kuti chizindikiro cha kampani chikulitsidwe. Ena amagwirira ntchito makampani akunja ali ku Area 47 kapena ku Namiwawa, koma ambiri ndi a maganyu: tsamba la sukulu lero, la mpingo mawa.

Pamenepa mpomwe ndimaona kuti tikubwerera m'mbuyo. Masamba ambiri atsopano amamangidwa m'ofesi ya m'tauni momwe intaneti ndi yothamanga, ndi zithunzi zikuluzikulu zoyendayenda pamwamba. Mwana wa ku Nambuma wofuna kuona ngati wasankhidwa kapena kulembetsa ntchito amalipira chithunzi chilichonse ndi mayunitsi ake, ndipo netiweki ikaduka pa bokosi lomaliza, fomu yonse imafufutika n'kuyambiranso. Mafomu ena amafunabe imelo ndi nambala ya nyumba. Zida zothetsera mavutowa zilipo ndipo n'zaulere: zithunzi zingachepetsedwe, zomwe munthu walemba zingasungidwe m'foni, fomu yaitali ingagawidwe. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi tsiku limodzi m'ndondomeko ya ntchito, ndi ndalama ya minibasi, loti mmisiri apite ku Mpingu kapena ku Nsaru, apereke foni kwa munthu amene sanaionepo pulogalamuyo, akhale chete n'kuona pomwe aimire.