Mbiri ya Dziko Lathu M'masiliva: Tiwasunge Bwino

Pamene tikukondwerera tsiku la 6 July kuno kutali ndi kwathu, ndati tikumbutsane za chinthu chomwe chili m'nyumba zambiri koma sitichilabadira. Ndikunena masiliva aja amatsala m'chikwama tikabwerako ku tchuthi, n'kukathera m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani. Ndalama zimenezi sizingagule kanthu kuno, ngakhale kumudzi komwe zambiri zinasiya kuyenda. Komatu wozindanda bwino m'buku la ndalama, lomwe ena amati alubamu, amakhala kuti walemba mbiri ya Malawi yoti mwana aikhudze ndi manja.

Tsamba loyamba likhale la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Ndalama zachitsulo za chitaganyachi zinatuluka mu 1955. Khobidi linali lobowoka pakati ndipo linali ndi njovu ziwiri. Pa sheleni panali mphalapala, pa masheleni awiri nkhwazi itagwira nsomba, ndipo kuseri kwake kunali nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Masamu ake anali ovuta ndithu: makobidi 12 ndiwo sheleni imodzi, masheleni 20 ndiwo paundi. Tiki, yomwe agogo athu amaitchula mpaka lero, inali makobidi atatu.

Tsamba lachiwiri ndi la ufulu. Mu 1964, chaka chomwe mbendera ya Atsamunda inatsika, dziko latsopanoli linakhala ndi ndalama zakezake, zokhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Pa sikisipensi anaikapo tambala, pa sheleni chimanga, pa masheleni awiri njovu ndi mwana wake. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inayamba ntchito ku Blantyre mu 1965. Mu 1966, pamene Malawi anakhala Republic, panasulidwa ndalama yapadera ya masheleni asanu yokumbukira tsikulo, ndipo khobidi lathulathu linabwera mu 1967.

Kwacha ndi tambala zinabadwa mu 1971, chaka chomwenso Britain anasiya kuwerengera masheleni. Paundi imodzi inasanduka K2. Mayina awiriwa sanangotoledwa pamsewu ayi. "Kwacha" ndi mfuu ya misonkhano yomenyera ufulu, ndipo tambala ndiye amalengeza kuti kunja kwacha. Mukaika ndalama za 1964 ndi za 1971 moyandikana, muona chinthu chosangalatsa. Sheleni inasanduka 10 tambala ndipo chimanga chija chinakhalabe pomwepo. Masheleni awiri anasanduka 20 tambala, njovu zija osachoka. Motero mayi wogulitsa nyemba pamsika ankazindikira ndalama yatsopano poona chithunzi chomwe anachizolowera kale. Ya 50 tambala ndi ya K1 zinaonjezedwa mu 1986.

Tsamba lachinayi likunena za kusintha kwa ndale. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo mu 1994 a Bakili Muluzi anapambana chisankho. Ndalama za 1995 ndi 1996 zinatuluka ndi nkhope yawo. Pa 1 tambala panabwera nsomba ziwiri, pa 50 tambala mbidzi, pa K1 nkhwazi. Pambuyo pake nkhope za atsogoleri zinachoka pa masiliva, m'malo mwake munalowa chizindikiro cha dziko. Za K5 ndi K10 zolembedwa 2006 zinali zazikulu, zazitsulo zamitundu iwiri, ndipo mu 2012 kunabwera zing'onozing'ono za K1, K5 ndi K10.

Buku lotere limaphunzitsanso zowawa. Kwacha yomwe inali theka la paundi mu 1971 yakhala ikuchepa mphamvu, ndipo mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti. Mwana akafunsa chifukwa chomwe makolo ake amatumizira ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, mwinanso chomwe anachokera kwawo, gawo lina la yankho lili pamasamba amenewa.

Nanga kasungidwe kake? Ife anamwino tinaphunzitsidwa kuti manja ooneka oyera amanyamula zambiri. Thukuta ndi mafuta a m'zala zimasiya chidindo pa chitsulo, makamaka pa ndalama zofiira zamkuwa, ndipo chidindocho sichichoka. Gwirani ndalama m'mbali mwake, manja ali osamba ndi ouma, kapena valani magolovesi a thonje. Chonde musaikweche ndi phulusa, mchenga, ndimu kapena Brasso ngati poto. Kuda kwake ndi umboni wa zaka zake, ndipo yokwechedwa imatsika mtengo kwa odziwa.

Pogula buku, funsani lomwe timatumba take tilibe pulasitiki ya PVC, chifukwa imeneyi ikakhalitsa imasiya zobiriwira zomata pa ndalama. Ndalama iliyonse ikhale m'kathumba kakekake kuti zisakandane. Yambani ndi zakale kutsikira ku zatsopano, ndipo pomwe mukusowa siyani malo. Pambali pake ikani kapepala konena chaka, mtengo, chithunzi chomwe chilipo m'Chichewa, komanso amene anakupatsani. Nyumba za kuno zimachita chinyontho m'nyengo yozizira, choncho bukulo likhale m'kabati youma, osati m'galaja, kudenga kapena pafupi ndi bafa. Timapaketi touma tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano tingathandize kuyamwa chinyontho.

Ntchitoyi ndi yofunika changu. Amene anagula mchere ndi tiki akutha mmodzimmodzi, ndipo nkhani zawo zikupita nawo. Mukapita kumudzi, pemphani agogo atsegule kachikwama kawo, akuuzeni chomwe sheleni inkagula ndi ntchito yomwe anagwira kuti aipeze. Lembani mawu awo pa kapepala kaja momwe anenera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisadikire kuti ana athu adzafunefune mbiri ya kwawo m'nyumba zosungiramo zakale za eni ake, pamene ili m'chitini pansi pa bedi.

Malo otsala m'bukumo asiyireni anawo kuti adzadzaze okha.

Ndikufunirani nonse chikondwerero chabwino cha ufulu. Mulungu adalitse Malawi.