Magazi otengedwa ku chipatala: amapita kuti, ndipo amagwira ntchito yanji?

Ku Ntengo-Wambalame, ku Biribiri ndi m'midzi ya Macanga, nkhani ya magazi imakonda kufika pakhomo m'nyengo ya dzinja. Mwana wadwala malungo masiku angapo, zikhatho ndi m'maso mwayera, akupuma mofulumira. Kapena mayi wachira koma magazi sakuleka kutuluka. A pa chipatala chaching'ono amalemba kalata yotumiza wodwalayo ku Ulónguè kapena ku Tete, ndipo mabanja ena a m'malire amangowolokera ku Ntcheu kapena ku Dedza. Kumeneko abale amauzidwa kuti magazi a wodwala achepa, pakufunika munthu wopereka. Apa ndi pamene ena amayamba kuyang'ana pansi, ena n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mbatatesi pa msika popanda woyang'anira.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa, amene m'Chipwitikizi amati chupa-sangue, zinazunguza maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ku Malawi, komanso dera la Gilé ku Zambézia. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ntchito za umoyo zinasokonekera. Palibe namapopa ngakhale mmodzi amene anapezeka ndi thumba la magazi. Koma funso limene linali pansi pa mphekeserazo ndi loyenera kuyankhidwa: magazi akachoka m'thupi la munthu ku chipatala, amapita kuti? Njira zake ndi zitatu, kuyeza, kupereka ndi kafukufuku, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ake.

Magazi oyeza

Awa ndi ochepa kwambiri. Poyeza malungo amabaya chala n'kutenga kadontho, ndipo zotsatira zimaoneka pa kachida kaja pakatha mphindi 15 kapena 20. Akatenga pa mkono, kabotolo kamodzi kawirikawiri kamalowa mamililita pafupifupi 5, ngati kasipuni ka tiyi, pamene thupi la munthu wamkulu limasunga malita pafupifupi 5. Madontho amene amatenga pa chidendene cha khanda n'kuwaumitsa pa kapepala amapita ku labotale yaikulu kukayezedwa HIV, chifukwa makina ake sapezeka pa chipatala chilichonse. Otsala akamaliza kuyeza amatayidwa pamodzi ndi zinyalala zina za chipatala. Sangathiridwe mwa munthu wina.

Mawu oti magazi achepa satanthauza kuti madzi ake aphwera. Chimene chachepa ndi hemoglobina, chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya kuchoka ku mapapo kupita m'thupi lonse. Mwa mwana, ikatsika pansi pa magalamu 4 pa desilita, ayenera kuwonjezeredwa magazi mwachangu. Ikakhala pakati pa 4 ndi 6, madokotala amaonanso ngati akubanika kapena kukomoka.

Magazi opereka

Wopereka amachotsedwa mamililita pafupifupi 450, osadzaza botolo la theka la lita. Kutulutsako kumatenga mphindi ngati 10, ndipo singano ndi thumba zimakhala zatsopano, zogwiritsa ntchito kamodzi kokha, choncho palibe matenda amene wopereka angatengerepo. Madzi a m'magazi amabwerera m'thupi pa tsiku limodzi kapena awiri, ofiira aja amabwerera pakatha masabata angapo. N'chifukwa chake mwamuna amadikira miyezi 3 asanaperekenso, mkazi miyezi 4. Asanabaye amayeza kulemera kwa munthu, kuthamanga kwa magazi ndi hemoglobina. Wopepuka kwambiri, mayi woyembekezera, kapena amene wangodwala kumene malungo amabwezedwa. Mlimi wopereka m'mawa asakatenge khasu kapena kusenza matumba a feteleza tsiku lomwelo. Mawa lake akhoza kubwerera kudimba. Zoti kupereka magazi kumathetsa mphamvu za m'nyumba kapena kuletsa kubereka n'zabodza.

Thumba lililonse limayezedwa matenda anayi lisanafike kwa wodwala: HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B, a mtundu wa C, ndi chindoko. Likapezeka ndi amodzi mwa amenewa limawonongedwa, ndipo mwini wake amauzidwa payekha kuti alandire thandizo. Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Kachilombo kakangolowa kumene m'thupi, pamapita masiku kapena masabata kasanayambe kuoneka poyeza. Ndiye mafunso a manyazi aja amene namwino amafunsa, za ogonana nawo ndi za mphini zotemedwa posachedwa, si miseche ayi. Woyankha bodza akhoza kupatsira matenda mwana wa mchemwali wake yemwe.

Magazi ali ndi magulu. Dokotala wa ku Vienna, Karl Landsteiner, ndiye anatulukira zimenezi mu 1901, ndipo lero magulu ake amatchedwa A, B, AB ndi O. Mu 1940 panadziwikanso chizindikiro cha Rh, chimene chimachititsa kuti wina akhale positivo, wina negativo. Kuthira gulu lolakwika kukhoza kupha munthu, choncho a labotale amayamba asakaniza pang'ono magazi a wodwala ndi a m'thumba kuti aone ngati akugwirizana. Apa ndi pamene pamachokera kukangana kwambiri pa khonde la chipatala. Bambo wapereka, koma mwana wapatsidwa thumba lina, ndipo abale amaganiza kuti magazi awo agulitsidwa. Zoona zake n'zakuti ubale sutsimikizira kuti gulu ndi limodzi, komanso thumba latsopano liyenera kuyezedwa kaye. Magazi a bambowo amalowa m'firiji kubwezera amene atulukamo.

Magazi sapangidwa ku fakitale ndipo sakhalitsa. M'firiji ya madigiri 2 mpaka 6 amakhala masiku 35, ena mpaka 42, kenaka amatayidwa. Ku Mozambique ntchitoyi imayang'aniridwa ndi Serviço Nacional de Sangue, ndipo gawo lalikulu la magazi limachokerabe kwa abale a odwala, osati kwa anthu ongodzipereka. Ku Malawi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale. Njira yodikira abale ili ndi vuto loonekeratu: mayi wotaya magazi akhoza kumwalira pasanathe maola awiri, pamene mlongo wake akufunafuna njinga yamoto pa msewu wa matope. Magazi omupulumutsa ndi amene anaperekedwa sabata yatha ndi munthu wosamudziwa. Ndipo mu Disembala ndi Januwale, pamene sukulu za kuno zili pa tchuthi, ndi pamenenso malungo amayamba kukwera.

Magazi sagulitsidwa. Aliyense wofuna ndalama kuti wodwala alandire thumba akuphwanya malamulo, ndipo nkhaniyo ikanenedwe kwa mkulu wa chipatala kapena ku Gabinete do Utente.

Magazi ndi tizidutswa ta thupi pa kafukufuku

Njira yachitatu ndi imene imakayikitsa anthu kwambiri, chonsecho zambiri zimene anamwino amachita lero pa mwana wochepa magazi zinachokera kumeneko, ndipo zina zinapezeka pafupi pomwepa, ku Malawi.

Kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti mwana aliyense woyera m'maso akusowa ayironi. Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wochitikira ku Blantyre ndi ku Chikwawa, amene anayeza magazi a ana 381 ochepa magazi kwambiri n'kuwayerekeza ndi ana ena. Zinaoneka kuti kusowa ayironi sikunali gwero lalikulu. Zimene zinapezeka kwambiri ndi malungo, mabakiteriya m'magazi, njoka za m'mimba zoyamwa magazi, HIV, ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Tanthauzo lake kwa kholo ndi lakuti mapiritsi ofiira ogula pa msika sangalowe m'malo mwa kuyezetsa.

Kafukufuku wina wotchedwa TRACT, amene anachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi m'zipatala za ku Uganda, anakhudza ana 3,983 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Anapeza kuti mwana amene hemoglobina yake ili pakati pa 4 ndi 6 koma alibe zizindikiro zoopsa akhoza kudikira osathiridwa magazi nthawi yomweyo, bola aziyezedwa pafupipafupi ali m'chipatala. Anapezanso chinthu chimene sanachiyembekezere: mlingo wokulirapo wa magazi unathandiza ana amene thupi silinali kutentha, koma kwa otentha thupi mlingo wochepa ndiwo unali wabwino. Choncho dokotala akati tidikire kaye, sikuti nthawi zonse akumana mwanayo magazi. Kumene matumba ndi owerengeka, kudziwa wofunika kupatsidwa msanga kumapulumutsa mwana wa pa bedi linalo. Ofufuza a ku Malawi, pakati pawo Kamija Phiri, anaonetsanso kuti ana otere amakhalabe pa chiopsezo miyezi yoyamba atatuluka m'chipatala, ndipo mu 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linalangiza kuti azipatsidwa mankhwala oteteza malungo pa nthawiyo.

Nkhani yovuta koposa ndi yoyeza mtembo. Pa mwambo wa kuno thupi liyenera kupita kumanda lathunthu, ndipo palibe kholo limene limafuna kumva za mpeni pa tsiku la maliro. Komabe kuyambira mu 1996 mabanja ena ku Blantyre anavomera kuti ana awo omwalira ndi malungo a mu ubongo ayezedwe, pa ntchito ya gulu la Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux. Zotsatira za mu 2004 zinaonetsa kuti mwa ana 31 amene ankayesedwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, koma sitinali chowapha. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti kuunika mkati mwa diso la mwana wokomoka kumathandiza kusiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi matenda ena ofanana nawo.

Ku Mozambique, Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, imene inatsegulidwa mu 1996, inathandiza kukhazikitsa njira yosang'amba mtembo. Amagwiritsa ntchito singano kutenga tizidutswa tating'ono ta mapapo, chiwindi ndi ubongo, pamodzi ndi magazi pang'ono. Thupi limabwezedwa kwa abale lili lathunthu, ndipo zotsatira zikatuluka banja limauzidwa chimene chinapha mwana. Njirayi imagwiritsidwa ntchito ku Manhiça ndi ku Quelimane pa ntchito yotchedwa CHAMPS.

Kafukufuku sachitika mobisa. Ku Mozambique ayenera kuvomerezedwa ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde kapena makomiti amene ali pansi pake, ndipo ku Malawi kulinso makomiti otero. Munthu asanalowe ayenera kufotokozeredwa m'chinenero chimene amamva, kuuzidwa kuchuluka kwa magazi amene atengedwe, kumene akasungidwe, ndiponso ngati adzatumizidwe kunja kwa dziko. Akavomera amasaina kapena kudinda chala pamaso pa mboni, n'kutsala ndi pepala lake. Za mwana amavomereza ndi makolo kapena omulera. Chilolezo cha a mfumu chimatsegula mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha mwini thupi. Wokana amalandirabe chithandizo monga wina aliyense, ndipo wovomera akhoza kusintha maganizo tsiku lililonse. Anthu obwera m'mudzi kudzatenga magazi opanda zikalata, osadziwika kwa a zaumoyo a boma, akanenedwe ku posto kapena kupolisi, osati kuponyedwa miyala.

Za impso, mtima ndi ziwalo zina

Kusamutsa chiwalo kuchoka mwa munthu kupita mwa wina kumachitikadi. Impso yoyamba imene inagwira bwino inasamutsidwa ku Boston mu 1954 pakati pa mapasa, ndipo mtima woyamba anausamutsa Christiaan Barnard pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town pa 3 Disembala 1967. Koma ntchitoyi imafuna madokotala ambiri, kuyeza kwakukulu kuti matupi awiriwo agwirizane, ndi mankhwala omwa moyo wonse kuti thupi lisakane chiwalocho. Mtima ukachotsedwa umayenera kuikidwa mwa wina pasanathe maola 4 mpaka 6. Zotere sizichitika m'zipatala za m'maboma, ndipo odwala a m'chigawo chino ofuna impso kawirikawiri amapita ku South Africa kapena ku India. Wochitidwa opaleshoni yobereka ku Ulónguè kapena ku Ntcheu amatuluka ndi impso zake zonse ziwiri.

Kupha anthu n'kuwadula ziwalo, monga zimene zachitikira anthu achialubino ku Tete ndi ku Malawi, ndi nkhani ya zizimba ndi umbanda, ndipo chiwalo chodulidwa kuthengo palibe chipatala chimene chingachigwiritse ntchito. Lamulo la Mozambique nambala 6/2008, lolimbana ndi malonda a anthu, limaika kuchotsa ziwalo pakati pa milandu yolangidwa ndi ndende.

Tsiku la opereka magazi pa dziko lonse ndi 14 Juni, tsiku lobadwa la Landsteiner. Kuno limagwa m'nyengo yozizira, zokolola zili m'nkhokwe ndipo misewu yauma, nthawi imene ulendo wa ku chipatala suvuta. Wopereka adye kaye, amwe madzi okwanira, atenge chiphaso, ndipo afunse gulu la magazi ake n'kulisunga pamodzi ndi khadi la chipatala. Amene angapezeke kuti ndi negativo, makamaka O negativo, asiye nambala ya foni ku banco de sangue, chifukwa anthu a gulu limeneli ndi ochepa kwambiri mu Africa ndipo kawirikawiri thumba lawo silipezeka m'firiji.