Mmene anthu anaphunzirira kudziwa chipatso asanachilume

M'chaka cha 1917, mphunzitsi wina wa ulimi wa zipatso pa koleji ya chigawo cha Washington ku America, O. M. Morris, anatenga kampira kagalasi kaja ana amaseweretsa n'kukamiza m'phula, mbali ina n'kutsala poyera. Anakakhazika pa sikelo. Kenako anatenga apozi n'kukanikiza pakampirapo mpaka chipatsocho chitakhudza phula lija, maso ali pa muvi wa sikelo. Nambala imene muviwo unaloza ndiyo anailemba kuti ndi kulimba kwa chipatsocho.

Chinali chida choseketsa, koma vuto limene mkuluyu ankalimbana nalo linali la ndalama zambiri. Mayi wogulitsa mango pamsika wa Kamuzu Road ku Salima alibe vuto limeneli. Wogula amatola yekha, amadina ndi chala chachikulu, amanunkhiza, ndipo akakayikabe amamudulira kachidutswa kuti alawe. Alimi a kumadzulo kwa America analibe mwayi wotere. Njanji yodutsa dziko lonselo itatha kumangidwa mu 1869, ndipo pambuyo pake kutabwera mabogi oziziritsidwa ndi madzi oundana, zipatso zawo zinayamba kugulitsidwa ku Chicago ndi ku New York, mtunda wa makilomita masauzande. Chipatso choyenda ulendo wotere chimathyoledwa chitakhwima koma chisanapse. Chanthete chimangofota m'njira osatsekemera, pomwe chochedwa kuthyola chimakafika chitaphwanyika. Masiku abwino ndi ochepa, ndipo khungu la chipatso silinena zoona nthawi zonse.

Panalinso dyera. Zipatso zoyamba kufika pamsika zimagulidwa mtengo wokwera, choncho chaka chilichonse pankapezeka alimi othamangira kuthyola zosakhwima. Wogula akaluma lalanje lowawasa sankafunsa dzina la mlimi. Ankangosiya kugula malalanje onse a dera limenelo, alimi oleza mtima n'kuvutikira limodzi ndi adyera aja. Pofuna kuletsa khalidweli pankafunika umboni woti n'kuimirira pamaso pa woweruza, ndipo chala chachikulu cha woyang'anira mbewu sichinali umboni.

Ena ku Oregon anayesanso zida zawo zoyezera kulimba, koma chimene chinakhazikika ndi cha J. R. Magness ndi G. F. Taylor, akatswiri a unduna wa zaulimi wa dzikolo, omwe anachilengeza mu 1925. Ndi kachitsulo kozungulira kumapeto, kokhala ndi sipuling'i m'kati. Woyeza amasenda kakhungu pang'ono, n'kubaya mnofu wa chipatso mpaka pamzere wolembedwa pakachitsuloko, pafupifupi mamilimita 8, kenako n'kuwerenga mphamvu imene yafunika. Pa maapozi nsonga yake imakhala ya mamilimita 11, pa zipatso zina ya mamilimita 8. Patha zaka 100, koma miyeso imeneyi sinasinthe, ngakhale pa kachida ka m'thumba ka ku Italy kotchedwa Effegi komwe alimi ambiri amayenda nako lero. Chilema chake nachonso sichinasinthe: anthu awiri akabaya chipatso chimodzi, wina mofulumira wina pang'onopang'ono, amapeza manambala osiyana. N'chifukwa chake m'malo ofufuzira kachitsuloko anakamangirira ku makina oti azikatsitsa pa liwiro limodzi.

Muyeso wa kutsekemera ndi wakale kuposa wa kulimba, ndipo unachokera kwa ofulula mowa. Mu 1843 Karl Balling, katswiri wa ku Prague, analemba ndondomeko yosonyeza kuti madzi amalemera motani akasungunuliridwamo shuga wochuluka mwakutimwakuti. Mjeremani wina wodziwa masamu, Adolf Brix, anabwereza ntchitoyo n'kukonza zolakwika zake, ndipo dzina lake ndi limene linatsalira. Mpaka lero digiri imodzi ya Brix ndi galamu imodzi ya shuga m'magalamu 100 a madzi otsekemerawo. Poyamba ankayeza poyandamitsa kachubu kagalasi m'madzi a chipatso, zomwe zinkafuna kufinya zipatso zambiri. Zinthu zinapepuka chifukwa cha Ernst Abbe wa ku Jena, mnzake wa Carl Zeiss wopanga magalasi, amene mu 1874 anafotokoza za chida choyeza mmene kuwala kumapindikira kukalowa m'madzi. Ndodo yoviikidwa m'chidebe imaoneka yothyoka pamene yalowera m'madzi. Shuga akachuluka, kupindikako kumakulanso. Mdzukulu wa chida cha Abbe ndi refractometer ya m'manja: woyeza amadontheza dontho limodzi kapena awiri pagalasi, amavindikira, n'kusuzumira ataloza kumene kuli kuwala. Pamene mbali yabuluu yakumana ndi yoyera ndi pamene pali nambala.

Koma Brix ali ndi bodza lake. Chidacho chimawerenga chilichonse chosungunuka m'madzimo, kaya ndi shuga kaya ndi asidi. Madzi a mandimu amapereka nambala yokwera kuposa a tomato wakupsa, ngakhale palibe mwana amene angavomere kuti ndimu ndi lotsekemera. Alimi a malalanje anazindikira zimenezi msanga. Ku Florida lamulo loletsa kugulitsa malalanje osakhwima linabwera mu 1911, ndipo cha m'ma 1915 ku California kunakhazikika muyeso wakuti shuga azikhala wochuluka ka 8 kuposa asidi. Muyesowu unagwira ntchito zaka pafupifupi 100 uli ndi bowo loonekeratu. Lalanje lozizira, lopanda shuga wokwanira komanso lopanda asidi, linkadutsa bwinobwino, pomwe lina lokoma kwambiri koma lowawasira pang'ono linkakanidwa. Mu 2012 California inasintha lamulo la malalanje a navel n'kutengera njira imene akatswiri a ku New Zealand anayambitsa, yochotsera asidi pa shuga m'malo mogawa.

Mapeyala ndiwo anali ovuta kwambiri, chifukwa sapsa ali mumtengo ndipo alibe shuga woti n'kuyeza. Peyala lanthete ndi lokhwima amalimba mofanana. Kusiyana kumadzaoneka patapita masiku, pamene lanthete lija lakwinyika, m'kati muli madzimadzi ndipo likutafunika ngati labala. Mu 1925 California inalamula kuti peyala lisagulitsidwe ngati mafuta ake sanafike magawo 8 pa 100 alionse. Kuyeza mafuta kunali kodula ndipo kunkafuna mankhwala oopsa, choncho kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 anatengera njira yosavuta. Amapala tizidutswa ta mnofu, amatiyeza pa sikelo, amatiumitsa mu uvuni wa microwave mpaka madzi onse atatha, n'kutiyezanso. Chotsalacho chimayendera limodzi ndi mafuta. Pa peyala la mtundu wa Hass chiyenera kufika magawo 20.8 pa 100 alionse. Ku South Africa amawerenga chimodzimodzi koma mozondotsa, poona madzi otsala m'peyala, ndipo bungwe la PPECB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, ndilo limayendera zipatso zisanakwere sitima ya pamadzi.

Apa mpofunika kunena mbali ina yosakoma ya mbiriyi. Chimene chayezedwa ndicho chimalipiridwa, ndipo chimene chimalipiridwa ndicho alimi amalima. Kwa zaka zambiri magiredi a maapozi ku America ankatengera kufiira, kukula ndi kusalala kwa khungu. Alimi a Red Delicious anachita zanzeru monga mwa msikawo: nthambi iliyonse yobereka zipatso zofiira kwambiri ankaimezanitsa n'kuichulukitsa. Pofika m'ma 1980 mtundu umenewu unali pafupifupi magawo atatu mwa anayi a maapozi onse a ku Washington, okongola zedi, a khungu lolimba, koma kukoma kutathawa. Ogula anayamba kuwazemba, minda yambiri inazulidwa, ndipo mu 2018 mtundu wa Gala unalanda malo oyamba m'dziko lonselo. Sikelo sinalakwe chilichonse. Anthu ndiwo ankaifunsa funso loperewera.

Njira zonsezi, kupatulapo kuyang'ana khungu, zinali ndi chinthu chimodzi chofanana: chipatso choyezedwacho chinkawonongeka. Woyeza ankabaya kapena kufinya zipatso zochepa n'kuganizira kuti munda wonse uli chimodzimodzi, chikhalirecho ngakhale mumtengo umodzi chipatso cha kunsonga kowomba dzuwa chimasiyana ndi cha m'kati mwa masamba.

Amene anatsegula njira ina anali injiniya wa zaulimi, Karl Norris, yemwe anabadwa mu 1921 ndipo anagwira ntchito pa malo ofufuzira a boma ku Beltsville m'chigawo cha Maryland. Iye anayambira pa mazira. M'masiku amenewo antchito ankaunika dzira limodzilimodzi pa nyale m'chipinda chamdima pofufuza timadontho ta magazi, ndipo Norris anapanga makina ochita ntchitoyo poyeza kuwala kodutsa m'dziralo. Atatha apo, iye ndi anzake monga Gerald Birth anayamba kuwalitsa nyale kudutsa m'tomato, m'maapozi ndi m'mbatatesi zathunthu, n'kumapeza zamphako ndi zowonongeka m'kati popanda mpeni.

Kenako anasunthira ku kuwala kumene maso saona. Kuwalaku anakutulukira ndi William Herschel mu 1800. Iye anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngodya zitatu kuti kutuluke mitundu ya utawaleza, n'kuika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Atachisunthira kupitirira pofiira, pamalo ooneka ngati palibe kanthu, kutentha kunakwera kwambiri. M'zaka za m'ma 1960 Norris anasonyeza kuti madzi, mafuta ndi mapuloteni zimameza kuwala kosaonekaku, chilichonse pamalo akeake, ndipo kuti poyeza kumene kwabwerera munthu angathe kudziwa chinyezi cha mbewu m'kanthawi kochepa. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankati chigawo chimenechi cha kuwala n'chosokonekera, zizindikiro zake zimapiringizana moti palibe angaziwerenge. Norris anazimasula ndi masamu ndi kompyuta. Pofika mu 1975 bungwe loona za tirigu ku Canada, motsogozedwa ndi kafukufuku wa Phil Williams, linali litayamba kugwiritsa ntchito njirayi poyeza mapuloteni m'tirigu wogulitsa.

Pa zipatso panatenga nthawi. Chipatso ndi pafupifupi madzi okhaokha, magawo oposa 80 pa 100 alionse, ndipo madziwo amameza kuwala kochuluka moti chizindikiro cha shuga chimabisika. Dziko limene linali ndi chifukwa chokwanira cholimbikira ndi Japan, kumene zipatso zimaperekedwa ngati mphatso yaulemu ndipo pichesi limodzi limagulidwa mtengo umene ungadabwitse mlendo. Munthu wotumiza bokosi la mapichesi kwa abwana ake kapena kwa apongozi safuna kuti limodzi lokha likapezeke lozizira. Mu 1989 kampani ya Mitsui Mining and Smelting, yodziwika ndi migodi ndi kuyenga zitsulo, inatulutsa makina osankha mapichesi potengera shuga wa m'kati, chipatso chili pa lamba woyenda. Sumio Kawano ndi anzake ku Tsukuba anafalitsa kafukufuku wa mapichesi mu 1992 ndi wa manachesi chaka chotsatira, ndipo pa manachesiwo anadutsitsa kuwala m'chipatso chonse chifukwa khungu lake limasokoneza kuwala kongobwerera pamwamba. Lero m'masitolo a ku Japan si zachilendo kuona nambala ya shuga italembedwa pambali pa mtengo. Makina amakono osankhira zipatso, opangidwa ku New Zealand, Netherlands ndi France, amajambula chipatso chilichonse kambirimbiri chikugubuduka, amachiyeza kulemera, amachiunika m'kati, n'kuchikankhira ku bokosi lake, zipatso zingapo pa sekondi imodzi pamzere uliwonse.

Mango anabweretsa funso lina. Mango othyoledwa kuti apite kutali amakhala ndi shuga wochepa, chifukwa chakudya chake chimakhala chidakali sitachi, chomwe chimadzasanduka shuga akamapsa. Brix wa tsiku lothyola sanena zambiri. Ku Australia, gulu la Kerry Walsh pa yunivesite ya Central Queensland linasonyeza kuti chofunika kuyeza ndi chimodzimodzi cha mapeyala chija, chotsala madzi akachotsedwa, popeza ndicho chimaneneratu kutsekemera kwa mangowo akadzapsa. Ndipo chimayezeka ndi kuwala, chipatso chili mumtengo. Mlimi amayenda m'munda ndi kachida ka m'manja, monga F-750 ya kampani ya Felix Instruments, amakagunditsa pambali pa bango, n'kuwerenga. Bungwe la alimi a mango m'dzikolo linaika malire a magawo 15 pa 100 alionse pa mtundu wa Kensington Pride ndi 13 pa R2E2. Mango othyoledwa asanafike pamenepo, kaya awavundike bwanji, amafewa ndi kusintha mtundu koma sakoma.

Kachidako sikadziwa shuga kapena sitachi pakokha. Kamayenera kuphunzitsidwa, ndipo maphunziro ake ndi ntchito yakale ija ya mpeni, sikelo ndi uvuni: kuunika chipatso, kuchidula, kuchiumitsa, kulemba nambala, n'kubwereza pa zipatso zambirimbiri mpaka kompyuta itagwirizanitsa kuwala ndi zotsatira zake. Mtundu wa chipatso ukasintha, kapena nyengo, ngakhale kutentha kwa chipatsocho pa nthawi yoyeza, manambala amatha kusokera. Kachida kophunzitsidwa ndi Kensington Pride wa ku Queensland kakagunditsidwa pa boloma wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi kadzaonetsabe nambala, koma wogula wanzeru sangailipirire mpaka wina atakhala pansi n'kudula boloma wokwanira kutsimikizira kuti nambalayo ikunena zoona.